Lawani, Mlamu

Ine ndinatsikira kuchigwa cha Luangwa nditangokwatiwa kumene, mbendera yatsopano isanasuluke n'komwe pamtengo wa pasukulu. Kwathu ndi kumtunda, cha ku Katete, kumene mphepo imawomba ndipo munthu akakuseka umamva chimene akukusekera. Amuna anga anali Mkunda, mlonda wa nyama zam'tchire, mwa aja anthu ankangoti agemu, ndipo boma linawaika pamsasa wina kufupi ndi Nkwali, m'mphepete mwa mtsinje. Pamsasapo panali tinyumba ta udzu, akazi a agemu anzawo, ana, akashembe oluma ngakhale pansalu, ndi kutentha kosati masewera. Anthu ankalankhulana Chikunda. Akandiona ankatembenukira ku Chinyanja, "Mwaswera bwanji, amayi?" ndipo ndikangodutsa ankabwerera ku Chikunda chawo n'kuyamba kuseka. Amuna anga ankati amaseka zawo. Ine sindinkakhulupirira zimenezo, ndipo mpaka lero sindikhulupirira.

Ndinali ndi chifukwa changa. Chaka choyamba chomwecho ndinaima, ndipo amuna anga, amene pakamwa pawo panalibe chitseko, anatumiza uthenga kwa alongo awo aakulu kumudzi cha ku Msoro mimba isanaoneke n'komwe. Alamu angawo ndiwo anawalera mayi awo atamwalira, motero mawu awo m'nyumba mwanga ankalemera kuposa anga. Anali mayi wamtali, wosaseka wamba, wa manja ong'ambika ndi thonje. Anabwera pansi, atasenza mtedza, nandikhazika pamphasa, n'kuika dzanja lawo pamimba panga nthawi yaitali akung'ung'udza za m'chilankhulo chawo. Mwezi usanathe iwo atabwerera, ndinapita padera. Palibe amene analoza mnzake chala. Koma dzanja lija ndinalikumbukira, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti ndikadzaimanso sadzamva munthu, ngakhale mwini wake, mpaka chitenje chitakana chokha kukwana.

Ndiyenera kufotokoza mwambo wina wa kumeneko, chifukwa nkhani yonseyi yagona pamenepo. Kwathunso wopereka mowa amayamba walawa, kuti womwa adziwe kuti m'chipandamo mulibe choipa. Koma kuchigwa, makamaka kwa abale a amuna anga, ankalawa chilichonse chopita m'kamwa mwa wodwala. Muzu wowawa, phala, madzi, ngakhale mankhwala ogula kusitolo ali m'pepala lake lomata, wopereka ankayenera kuikako palilime anthu akuona. Ndipo akalawa, wodwala sankakana. Kukana chinthu cholawidwa kunali kumuuza munthuyo pamaso kuti ndiwe mfiti yokhwima, imene poizoni wake womwe suyigwira.

Matenda a amuna anga anabwera ndi njovu, ngakhale njovuyo sanakumane nayo. M'dzinja njovu zimaponda m'dothi lamakande n'kusiya maenje akuya, ndipo mvula ikatha maenjewo amauma gwa, udzu n'kuwabisa. Iwo ali paulendo wolondera, katundu kumsana ndi mfuti paphewa, mwendo unalowa m'dzenje lotero, thupi n'kupotoka. Anafika kunyumba akutsimphina koma akuseka. Patapita masiku kuseka kunatha. Bondo ndi m'chiuno munatupa n'kumatentha. Pamwamba pa izo panali ululu wina umene sankatha kuufotokoza bwino, ankangoti moto umachoka m'chiuno n'kutsika kuseri kwa ntchafu mpaka kuchala chachikulu, ndipo phazi limachita dzanzi ngati analikhalira. Mwamuna amene ankayenda tsiku lonse m'nkhalango za mipani anafika pomakwawa popita kuseri.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditaimanso. Sindinauze munthu. Ndinkalavulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo dothi la pachulu limene mtima unkafuna ndinkalimanga pangodya ya chitenje n'kumanyema pang'onopang'ono anthu akayang'ana kumbali.

Kapitawo wa msasa anatibwereka njinga yake. Ndinawakweza amuna anga pachishalo, ine n'kumakankha mumchenga mpaka kukachipatala kakang'ono kamene kanali kutali ndithu ndi mtsinje. Kumeneko tinapeza nesi wochokera kumpoto, Mbemba, wovala zoyera zosita bwino m'dziko la fumbi. Ndinamukayikira nditangomuona. Munthu wosiya kwawo n'kubwera kudzapsa kuno, anathawa chiyani? Chinyanja chake chinali chopindika, chodzaza ndi Chizungu, koma manja ake ankadziwa pogwira. Anawagoneka amuna anga, nakweza mwendo uli chiwongokere, iwo n'kukuwa ngati mwana. Kenaka anatenga mapiritsi m'botolo lalikulu n'kuwathira m'kachitini.

"Atate, mvetsani bwino," anatero. "Piritsi ni limodzi, koma mukati muli mankhwala awiri. Ena ni ochotsa kutupa, ena ni a mtsempha uwu ukuotcha. Limodzi m'mawa pa seveni, limodzi madzulo pa sikisi, koma mutadya. Osati na njala. Ochotsa kutupa aja akapeza m'mimba mulibe kanthu, amadya mimbayo."

Pamsasa ponse wotchi inali ya kapitawo yekha, nayonso yoyenda ikafuna.

"Chinanso," anapitiriza nesiyo, "osaonjezerapo. Ufa wa mutu wa kusitolo, mapiritsi opatsidwa na anzanu, moŵa, zonse ayi. Zija za kusitolo zili na mankhwala amodzimodzi na ali umu, mukamwa zonse ndiye kuti mwamwa kawiri. Mukamva kuotcha pachifu, kapena mukaona chimbudzi chakuda monga makala, lekani pomwepo, bwerani."

Amuna anga anavomera zonse, eya mayi, eya mayi, monga ankavomerera aliyense wolankhula molimba. Atatuluka kukatsamira njinga, nesiyo anandigwira pamkono. Anayang'ana milomo yanga, nayang'ana kamfundo ka dothi pachitenje.

"Imwe, miyezi ingati?"

"Miyezi ya chiyani?" ndinatero.

"Chabwino mukwai, mulibe kanthu. Koma aya mapiritsi, ngakhale mutu ukuŵaŵeni bwanji, imwe osameza. Amaononga mwana wam'mimba. Mwamva?"

Ndinatuluka n'kukawakweza amuna anga panjinga. Njira yonse ndinkakankha njinga ndikudzifunsa kuti mkazi ameneyu waona bwanji chimene mwamuna wogona nane mphasa imodzi sanaone, ndipo auza ndani. Komanso za mankhwala awiri m'piritsi limodzi sizinandilowe. Nditafika kunyumba ndinaswa limodzi ndi mpeni kuti ndione pamene ena athera ndi pamene ena ayambira. Munali ufa woyera basi. Ndinati kaya Mbemba uja watinamiza, komabe ndinachita zimene ananena, chifukwa panalibe china chochita. M'mawa phala la mapira, kenaka piritsi. Madzulo chakudya, kenaka piritsi. Kachitini ndinkakasunga ndekha m'thumba lomanga m'chiuno. Ndipo taonani, kutupa kunayamba kuphwa, moto uja unabwerera kuchoka kuchala n'kukathera pabondo, munthu anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka kwa kapitawo kukacheza.

Ndiye alamu anga anafika.

Uthenga wa matenda unawapeza mochedwa, ali pakati pokolola thonje. Anasiya thonjelo m'munda n'kubwera pansi monga kale, nsapato zili m'manja. Titapatsana moni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine n'kukokera mimba mkati ngakhale panalibe chooneka. Atakhala pansi pafupi ndi mlongo wawo anamasula mfundo ya mpango. Munali timapepala tambirimbiri ta ufa wa mutu, tija togulitsa m'sitolo iliyonse, tokhala ndi chithunzi cha munthu wogwira chipumi. Anang'amba kamodzi, nathira pang'ono palilime pawo, nameza ndi madzi, kenaka anatambasula dzanja kupereka kotsalako.

"Alamu, pepani," ndinatero. "Anesi anati asamwe china chilichonse. Akumwa kale mapiritsi."

"Ndalawa, mlamu."

"Ndaona kuti mwalawa."

"Ndiye mukuti chiyani?"

Ndinayang'ana amuna anga kuti alankhule. Iwo anali atatanganidwa kwambiri ndi chikhadabo cha kuphazi, ngati sanachionepo chibadwire. Ndinabwereza mawu a nesi onse, za kumwa kawiri, za mimba kudyeka. Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, napinda kapepala kaja bwinobwino, nakabwezera m'mpango.

Madzulo ake, titatha kudya, ndinatulutsa kachitini n'kupereka piritsi. Maso a alamu anatsatira dzanja langa kuchokera m'chiuno mpaka pakamwa pa mlongo wawo.

"Kwanu simulawa?" anafunsa.

"Za kuchipatala salawa."

"Oho."

Kuyambira pamenepo m'nyumba munakhala alonda awiri, ndipo wolonderedwa sanali wodwala ayi. Ine ndikapita kukatola nkhuni ndinkabwerako mothamanga. Ndikaphika sindinkachoka pamoto. Iwonso ndikamasula thumba la m'chiuno ankapezeka ali pomwepo, kaya anali kuti. Masana ankakhala pamthunzi ndi akazi a pamsasa kumasenda nyemba, Chikunda chili wayawaya, ndipo ndinayamba kuona kuti moni wa akazi aja ukufupika. Mkazi wa kapitawo, amene kale ankandipempha mchere, anasiya kupempha. Tsiku lina mwana wake anabwera pakhomo panga ndikukazinga chimanga, ndipo mayi wake anamuitana mokuwa ngati waona njoka.

Alamu anali ndi chikhulupiriro china chimene ankachinena poyera, kuti ine ndikuwononga mankhwala powapereka pambuyo pa phala. Kwawo mankhwala enieni amamwa mbandakucha, munthu asanalawe kanthu, kuti akapeze matenda ali okha. Chakudya chimawaphimba, ankatero, ngati phulusa pamoto. Ndinkawayankha kuti Mbemba wa kuchipatala ananena zina. Iwo ankati Mbembayo analera ndani.

Kenaka amuna anga anayamba kusiya phala m'mbale. Ndikafunsa ankati n'kutentha kwa dziko. Zikhatho zawo zinayera, milomo inatuwa, akaimirira ankagwira khoma. Mwendo unali bwino ndithu, koma munthuyo ankatha. Ndinawafunsa ngati pachifu pakuotcha, anati ayi. Ndinawafunsa za kuseri, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Ine mumtima mwanga nkhani inali itatha kale: mayi uyu anandichotsera mwana, tsopano wabwera kudzatenga ndi mlongo wake yemwe kuti mlandu ugwere mlendo. Ndinkaopa, ndinkadana nawo, ndipo ndikagona ndinkaika manja onse awiri pamimba.

Madzi tinkatunga m'mamawa, akazi tonse pamodzi, chifukwa cha ng'ona. Imeneyo ndiyo nthawi yokha imene sindikanatha kulondera nyumba. M'mawa wina tisanafike kumtsinje tinapeza njovu zitaima panjira, zikugwedeza mtengo, ndipo tinabwerera ndowa zili zopanda kanthu. Nditalowa m'nyumba ndinapeza amuna anga atakhala pamphasa, mutu chagada, kukamwa yasa ngati kamwana ka mbalame, alamu akuwathira ufa uja palilime. Pamilomo pa alamu panali poyera, kusonyeza kuti alawa kale monga mwa mwambo.

Ndowa ndinaiponya pansi. Zimene ndinanena sindingazilembe zonse. Ndinafunsa kuti zimenezi zayamba liti, ndipo amuna anga, mwamuna wa mfuti, anayankha ndi mawu aang'ono kuti kuyambira m'mawa wotsatira tsiku limene alongo awo anafika. "Ndikanakana bwanji, atalawa?" anatero. Alamu nawo anaimirira, mutu kugunda denga, n'kuyamba kundibwezera, theka m'Chinyanja theka m'Chikunda. Tili mkati mokuwa, wodwala anadzuka, nadzandira kutuluka panja, nagwada pafupi ndi nkhokwe n'kusanza. Zimene zinatuluka sizinali phala. Zinali zakuda, zambewumbewu ngati masese, ndi timizere ta magazi ofiira. Atapuma anavomera, maso ali pansi, kuti kuseri kwakhala kukutuluka zakuda kwa masiku, koma anachita manyazi kuuza akazi.

Msasa wonse unasonkhana, chifukwa pamsasa wa agemu ukayetsemula amva onse. Ine ndinkati tithamange kuchipatala. Kapitawo anatuma mlonda wina panjinga kuti akapemphe galimoto kumsasa wa alendo odzaona nyama. Ndiye podikira galimotoyo, anthu atazungulira, alamu anayamba kulankhula mofatsa, m'Chinyanja chomveka kuti ine ndisaphonye liwu.

"Ine ufa wanga ndalawa m'mawa uliwonse. Si ine pano ndaima? Ndasanza? Koma mapiritsi a mlamu wangayu, amene amabisa m'chiuno, ndani anamuonapo akulawa? Ndinamufunsa, anati salawa. Munthu akupatsa mwamuna wake chinthu chimene iye akuopa kuika pakamwa. Tsopano muone mwana wa amayi anga."

Akazi aja anang'ung'udza movomereza. Kapitawo, munthu wosafuna phokoso, anakanda m'mutu nati, "Amayi, nkhani iyi ni yaing'ono. Mezani limodzi chabe, anthu aone, zithe."

Alamu anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kachitini chifukwa maso onse anali pa ine. Anatsegula, natola limodzi, naliika pachikhatho changa. Mkazi wa kapitawo anabweretsa madzi m'chikho.

"Lawani, mlamu."

Kapiritsi kanali kakang'ono ngati nyemba. Ndinaganiza kuti mwina limodzi lokha silingachite kanthu. Mwina Mbemba uja anangondiopseza. Koma sananame za kutupa, sananame za chimbudzi chakuda, sananame za ufa wa kusitolo, ndiye akananama bwanji pa chimenechi chokha? Ndikakana osanena chifukwa, ndipo munthu uja n'kufera panjira, ine ndikanakhala mkazi wa kumtunda amene anapha mwamuna, ndipo sindikudziwa ngati ndikanakwera phiri kubwerera kwathu ndili wamoyo. Ndikanena chifukwa, ndiye kuti chinsinsi changa ndachipereka kwa akazi onse oseka aja, ndi kwa mwini dzanja lija. Ndinali ndi mantha oti sindinakhalepo nawo, ndipo pamwamba pa manthawo panali mkwiyo.

"Sindimeza," ndinatero. "Ndili ndi pakati. Anesi anati awa amapha mwana wam'mimba. Mwamva tsopano, nonse mwamva. Ndipo ndakuonani nkhope zanu mmodzimmodzi. Chikachitika chija chinachitika chaka chatha, ndidziwa kuti panali ndani."

Amuna anga, ali chigonere pamphasa, anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kukamwa kuli yasa, ngati nkhaniyo iwo sikuwakhudza konse.

Alamu ndiwo anayamba kusuntha. Anamenya dzanja langa chapansi, piritsi n'kuuluka kukagwa pafumbi. Nkhuku ina inathamangira kuti ijomphe, iwo anaikankha ndi phazi, napondaponda piritsilo ndi chidendene mpaka linasanduka fumbi. Kenaka anatembenukira akazi aja n'kuwalankhula m'Chikunda, mawu ochepa, otsika. Sindinamve chimene ananena, ndipo sanandiuze mpaka kale. Ndinangoona akazi akutola ana awo n'kumabalalika, mkazi wa kapitawo akutaya madzi aja pansi.

Galimoto itabwera tinakwera tonse atatu. Mutu wa wodwala unali pamiyendo ya alongo ake, ine ndinakhala pakona. Nesi atawaona amuna anga sanataye nthawi. Anawaletsa mapiritsi onse, nawabaya jakisoni, nakonza zoti apite kuchipatala chachikulu kumtunda kukawaonjezera magazi. Kenaka anafunsa kuti amwa chiyani china. Ine ndinatsegula pakamwa, koma alamu anandiyambirira. Anamasula mpango n'kukhuthula timapepala totsala patebulo.

Nesi anatola kamodzi, naika pambali pa piritsi lake. "Amayi, mankhwala ali umu ni amodzimodzi na ali umu. Munthu anali kumwa kawiri, ndiponso na njala. M'mimba mwachita zilonda, ndiye magazi mwaona aja."

"Koma ndinalawa," anatero alamu. Mawu awo anali ngati a mwana. "Tsiku lililonse ndinalawa."

"Munalawa ufa wanu wokha, pang'ono, m'mimba mwanu mulibe piritsi langa. Kulawa kumaonetsa kuti simunaikemo choipa. Sikuonetsa kuti zigwirizana na zimene wodwala wamwa kale."

Alamu anakhala pansi pasimenti pomwepo, nafunda mpango kumutu. Ndinawayang'ana nthawi yaitali kuti ndione ngati akulira zenizeni. Ankalira zenizeni, mapewa akugwedezeka, ngakhale ndinaganizanso kuti mfiti nazo zimalira.

Amuna anga anachira. Anabwerako ataonda, atapatsidwa mankhwala ena ofatsa ndi malamulo ambiri, ndipo mwendo sunabwererenso mwakale, motero anawaika pachipata m'malo moyenda m'tchire. Iwo ankadandaula, ine ndinkathokoza njovu ija chamumtima. Kuyambira pamenepo munthu akabwera ndi mankhwala, kaya alawe mpaka akhute, amuna anga ankaloza ine n'kunena kuti funsani kuofesi.

Koma alamu sanabwerere ku Msoro. Thonje lawo anakolola ena. Anayala mphasa yawo pakhonde langa n'kunena kuti achoka mwana akabadwa, ndipo sanandifunse ngati ndikufuna. Chilichonse chopita m'kamwa mwanga ankayamba alawa. Madzi a mumtsuko wanga womwe, ndiwo zimene ndaphika ndekha, chipatso chimene mkazi wa kapitawo anatumiza pofuna kukonza ubale, ngakhale dothi langa la pachulu, ankanyemako n'kutafuna nkhope itakwinyika. Akazi a pamsasa sankaloledwa kufika pafupi nane. Mimba yanga alamuwo sanaigwirenso, ngakhale kamodzi. Akafuna kudziwa ngati mwana akusewera ankafunsa ali patali, manja atawabisa kumbuyo. Ndipo ine, ndisaname, nthawi iliyonse akalawa ndinkayang'ana pakhosi pawo kuti ndione ngati amezadi. Iwo ankadziwa kuti ndikuyang'ana, ndipo ankakweza chibwano kuti ndione bwino.

Mwana anabadwa mvula zoyamba zitagwa, wamkazi, wamtali miyendo ngati azakhali ake. Za mimba yoyamba ija sindinawafunse, iwonso sanaitchule. Nesi anandiuza kuti zotero zimachitika zokha, makamaka kudziko la malungo. Mwina n'zoona. Ine ndimangonena zimene ndinaona.

Patapita zaka zambiri, amuna anga atapuma ntchito, alamu anakalamba n'kugwidwa nyamakazi ya m'mawondo ndi m'zala, ija yopinda munthu. Ana awo anali kutali kumigodi, ndiye tinawatenga kudzakhala nafe. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi, nawonso aja a mankhwala awiri m'limodzi, ndipo wosunga anali ine. M'mawa woyamba ndinapita nawo pamphasa pawo, piritsi pachikhatho, madzi m'kapu. Ndinaima pamenepo, ndipo tonse awiri tinkadziwa chimene mwambo ukufuna.

"Alamu, ine sindilawa," ndinatero. "Mukudziwa."

Anayang'ana piritsi, nayang'ana dzanja langa, nayang'ana ine. Maso awo anali atachita ng'ala, koma kuyang'ana kwake kunali komwe kuja.

"Phala lili kuti?" anafunsa. "Mukufuna ndimwe na njala?"

Ndinathamangira kukhitchini kukatenga phala. Anadya mpaka kupala mbale, kenaka anatola piritsi m'dzanja langa ndi zala zawo zopindikazo, naliponya m'kamwa, namwera madzi. Ine ndinatembenuka msanga n'kuyamba kukonza mbale, chifukwa misozi inali itadzaza m'maso ndipo sindinafune kuti aone. Pakhosi pawo tsiku limenelo sindinayang'ane.